Barnaba pa Khomo la Koleji

 

Pa 11 Juni chaka ndi chaka Mpingo umakumbukira Barnaba woyera. Buku la Ntchito za Atumwi, pa mutu 9, limasimba kuti Saulo, atatembenuka mtima pa njira ya ku Damasiko, adafika ku Yerusalemu nayesa kudziphatika ku gulu la ophunzira a Ambuye, koma onse ankamuopa. Taonani kuti Saulo anali atabatizidwa kale. Kunena mwa lamulo, chitseko cha Mpingo chinali chotsekuka kwa iye. Komabe munthuyo adangoima pakhomo ngati mlendo amene waodira koma palibe womuyankha. Amene adatuluka kukamlandira ndi Yosefe, Mlevi wa ku chilumba cha Kipro, yemwe Atumwi ankamutcha Barnaba, dzina lonena za munthu wolimbitsa anzake mtima. Iyeyo adamtenga Saulo napita naye kwa Atumwi, namchitira umboni, ndipo kuyambira pamenepo Saulo ankayenda mu Yerusalemu monga mmodzi wa abale.

Tayamba ndi Barnaba chifukwa nkhani yathu ya lero ndi ya ana oima pa khomo lotsekuka. Tikunena mnyamata kapena mtsikana amene wakhoza mayeso, wasankhidwa kupita ku koleji, dzina lake lalembedwa m'kaundula, koma kubanja kwao kulibe ndi mmodzi yemwe adapondako ku sukulu yotere, ndipo m'kalasimo anthu a mtundu wake ngoŵerengeka. Nkhaniyi tikaitenga ku America, pakuti kumeneko aphunzitsi akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 50, ndipo zimene adapeza zingathe kutitsekula maso ifenso. Funso lao linali lakuti: kodi mwana wotere chimamlimbitsa mtima nchiyani, nanga chimamfooketsa nchiyani?

Tikumbutsane pang'ono mbiri. M'zigawo zakumwera za dziko la United States, mayunivesite a boma ankakana anthu akuda poyera. Mu 1962 James Meredith adaloŵa mu University of Mississippi motetezedwa ndi asilikali, anthu aŵiri atafa pa chipolowe chokana kubwera kwake. Mu 1964 lidakhazikitsidwa lamulo loletsa tsankho, ndipo zitseko zidayamba kutsekuka. Koma posakhalitsa akuluakulu a maphunziro adaona chinthu chomvetsa chisoni. Ana a anthu akuda, ana a mabanja olankhula Chisipanishi, ana a mafuko amene azungu adaŵapeza m'dzikomo, ngakhale ana a azungu osauka omwe, ankaloŵa ndithu m'makoleji, koma ambiri ankabwerera kwao chaka choyamba kapena chachiŵiri, manja ali zii.

Nchifukwa chake adayambitsa maphunziro amene eni ake amaŵatcha mlatho. Mu 1965 boma la Pulezidenti Lyndon Johnson lidatsekula ndondomeko yotchedwa Upward Bound: ana a sekondale a m'mabanja osauka ankakagona pa koleji masabata ngati 6 pa tchuthi chachikulu, kuphunzira masamu, sayansi ndi kalembedwe. Pambuyo pake makoleji ambiri adamanga milatho yaoyao ya ana amene asankhidwa kale. Amaŵaitana masabata angapo anzao asanafike, kuti azoloŵere malo, adziŵe nyumba ya mabuku ndi ofesi yoona za fizi, alaŵe maphunziro a chaka choyamba, ndiponso apeze abwenzi chipwirikiti cha tsiku lotsekulira chisanayambe.

Kuti timvetse ntchito ya mlatho, tiloŵe kaye mumtima mwa mwanayo. Tiyerekeze ana aŵiri amene alemba mayeso oyamba a masamu, ndipo onse aŵiri alephera. Woyambayo bambo wake ndi dokotala, mkulu wake adamaliza pa koleji yomweyo. Akaimba lamya kunyumba amamuyankha akuseka kuti mayeso oyamba amagwetsa aliyense, angopita maŵa kukaonana ndi mphunzitsi. Kwa iyeyo kulephera ndi nkhani ya tsiku limodzi. Wachiŵiriyo, chifikire pakolejipo, wakhala akudzifunsa chamumtima ngati malo ano ndi akedi, kapena adangomtola pomumvera chisoni. Pepala lolembedwa ndi inki yofiira lija limafika ngati yankho la funso lakelo. Sauza munthu. Kunyumba sanganene, pakuti banja lonse laika maso pa iye. Kwa mphunzitsi sangapite, kuopa kutsimikiza zimene anthu amanong'ona za mtundu wake. Mu 1995 Claude Steele ndi Joshua Aronson adaonetsa pa Stanford University kuti ophunzira akuda, akauzidwa kuti mayeso ovuta amene akulembaŵa ngoyeza nzeru zao, ankakhoza mocheperapo kusiyana ndi pamene mafunso omwewo aperekedwa ngati ntchito wamba yofufuzira. Nzeru zinali zomwezo, koma katundu amene ankaloŵa naye m'chipinda cha mayeso ndiye ankasiyana.

Tsono tikhale pansi pang'ono pa nkhani ya munthu mmodzi, chifukwa ndi imene idatembenuza maganizo a ambiri. Mu 1975 pa University of California ku Berkeley panali mphunzitsi wachinyamata wa masamu dzina lake Uri Treisman. Atayang'ana m'mabuku a zotsatira, adapeza kuti pa zaka 10 zam'mbuyomo, mwa ophunzira akuda 100 alionse amene adamaliza gawo loyamba la masamu apamwamba otchedwa calculus, 60 ankalandira D kapena F. Popanda masamu ameneŵa munthu sangapitirire ku uinjiniya kapena ku sayansi, chotero njira zonsezo zinkatsekeka pa chigawo choyamba chomwe. Adafunsa aphunzitsi anzake chifukwa chake, ndipo mayankho ao anali amene ifenso tikadapereka: anaŵa alibe khama, adachokera ku sukulu zopereŵera, makolo ao saŵalimbikitsa, ndi amphaŵi.

Treisman sadakhutire ndi mayankho a mu ofesi. Adasankha ophunzira akuda 20 ndi ophunzira a mtundu wa Chitchaina 20, amene ankakhoza bwino masamu omwewo, naŵatsatira miyezi yambiri ku zipinda zao zogona ndi kumakomo kwao, kuona m'mene amaŵerengera. Zimene adapeza zidagwetsa mayankho onse anai aja. Ana akudawo anali akhama kwambiri. Ambiri anali oyamba m'masekondale mwao, makolo ao adadzimana zambiri kuti aŵafikitse pamenepo, ndipo ena mwa olepherawo adaaloŵa ndi magiredi apamwamba a masamu. Kusiyana kunali kumodzi. Mwana wakuda ankaŵerenga yekha, chitseko chotseka, maola ngati 8 pa sabata monga adalangizira mphunzitsi. Yankho lake likasiyana ndi la kumapeto kwa buku, ankangobwereza kuŵerengera kuja osadziŵa pamene padakhota. Anzake a Chitchaina nawonso ankayamba paokha, koma madzulo ankasonkhana, kuphika ndi kudyera pamodzi, kenaka kuyala mapepala ao patebulo. Ankatsutsana, kukonzana zolakwa, kubwerekana mafunso a zaka zakale ochokera kwa akulu ao. Funso likakanika onse, ankadziŵa kuti funsolo ndilo lovuta. Likakanika mmodzi, anzake ankamuongola usiku womwewo.

Apa pali chinthu choŵaŵa chimene tisachidumphe. Kukhala yekha kuja ndi kumene kudaamupulumutsa mwana wakudayo ku sekondale. Kuti akhoze, adayenera kudzipatula kwa anzake osasamala za sukulu, natseka chitseko. Khalidwe limene lidamkweza ndi lomwe lidadzamgwetsa. Ndipo pamene yunivesite idatsekula makalasi othandiza ofooka, ana ameneŵa sankapitako. Angapite bwanji, iwo amene moyo wao wonse akhala akuthaŵa dzina lakuti ofooka? Makolo athu adati safunsa adadya phula, koma sadatiuze kuti ena safunsa chifukwa cha manyazi amene anthu ena adaŵaveka.

Mu 1978 Treisman adayambitsa kagulu ka mtundu wina. Sadakatche kalasi yothandiza otsalira ai. Adakatcha kagulu ka ophunzira aluso, ndipo adaitana anawo monga anthu amene angathe kudzakhala akatswiri a masamu. Ankakumana kaŵiri pa sabata, maola aŵiri nthaŵi iliyonse, m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo mafunso amene ankapatsidwa anali ovuta kupambana a m'kalasi, ovuta kotero kuti munthu mmodzi sakadaŵatha yekha. Mphunzitsi sankapereka mayankho, ankangozungulira kumvetsera ndi kufunsa. M'zaka zotsatira olephera adachepa kwambiri, ndipo ana akuda ndi a mabanja olankhula Chisipanishi a m'kaguluko adayamba kulingana ndi anzao achizungu ndi a ku Asia, mwinanso kuŵapitirira. Njira imeneyi idafalikira m'makoleji ambiri ndi dzina lakuti Emerging Scholars.

Onani, abale, kumene kulimba mtima kwa ana ameneŵa kudachokera. Palibe adaŵaimika pamzere kuŵauza kuti ndinu anzeru, musaope. Adapatsidwa ntchito yolemera, adaisenza pamodzi, adaona ndi maso ao kuti mnzao amene ankamuyesa wanzeru zoopsa nayenso amasokonezeka, ndipo tsiku lina funso limene lidaŵasoŵetsa tulo lidamasuka m'manja mwao. Katswiri wa za maganizo a munthu, Albert Bandura, adalongosola mu 1977 kuti chikhulupiriro chakuti ndingathe chimamera pa zinthu zinai: kuchita chinthu chovuta nkuchitha, kuona munthu wonga iwe akuchitha, kumva mau olimbikitsa, ndi m'mene thupi likumvera pa nthaŵiyo, kaya mantha kaya bata. Mwa zinaizi champhamvu koposa nchoyamba, ndipo mau okha ngofooka ngati palibe ntchito yoŵatsimikiza. Ife alaliki, amene ntchito yathu ndi mau, chiphunzitso chimenechi chimatichepetsa, ndipo nkoyenera kuti chititero.

Komabe mau ali ndi malo ake, akakhala mau oona onenedwa ndi munthu woyenera. Mu 2011 Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen adafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku wa ophunzira 92 a chaka choyamba pa yunivesite ina yapamwamba, akuda 49 ndi achizungu 43. Theka la iwo adapatsidwa kuti aŵerenge zimene ophunzira a zaka zapamwamba, a mitundu yonse, adanena za chaka chao choyamba: kuti pafupifupi onse adayamba ndi kudziona ngati alendo, kuopa aphunzitsi, kusoŵa abwenzi, ndi kuti patapita nthaŵi zimenezi zidatha. Kenaka adapemphedwa kulemba za moyo wao womwe motsata mfundo imeneyi, ndi kuzilankhula pa kanema kuti zikathandize ophunzira a chaka chamaŵa. Taonani nzeru yake: sadaŵaike pa mpando wa wodwala wolandira mankhwala, adaŵaika pa mpando wa mkulu wolangiza ang'ono ake. Zonsezi zidatenga ola limodzi.

Ofufuzawo adaŵatsatira zaka 3. Magiredi a ana akuda amene adachita zimenezi adakwera chaka ndi chaka, kotero kuti mpata wa pakati pa iwo ndi anzao achizungu udachepa ndi theka. Ankanenanso kuti ali ndi thanzi labwinopo, ndipo ankapita kwa dokotala mocheperapo. Kodi ola limodzi lingachite bwanji zotere? Yankho lili m'zimene anawo ankalemba tsiku ndi tsiku sabata yotsatira. Kwa amene sadaŵerenge mau aja, tsiku loipa, monga kukalipidwa ndi mphunzitsi kapena kusiyidwa ndi anzao popita kukadya, linkatsitsa pomwepo chikhulupiriro chao chakuti malo ano ndi athu. Kwa amene adaŵerenga, tsiku loipa linkangokhala tsiku loipa. Masiku oipa sadachepe ai, koma adaleka kukhala chiweruzo. Ndipo munthu amene sakudziona woweruzidwa amagogoda pa ofesi ya mphunzitsi, amafunsa mnzake, amapeza womtsogolera, ndipo zimenezi nzimene zimakweza magiredi.

Tisathamange kunena kuti tapeza mankhwala a matenda onse. Mu 2023 Walton ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wamkulu, wa ophunzira 26,911 m'makoleji 22. Mau aja adathandizadi ana ambiri kumaliza chaka choyamba, koma pokhapokha m'makoleji m'mene ana a gulu lao anali ndi mwai weniweni wolandiridwa. Kumene kunalibe mwai wotero, mauwo adangogwera pa thanthwe. Ndipo nzomveka. Ukamuuza mlendo kuti khala momasuka, kuno nkwanu, koma pa nthaŵi ya chakudya palibe womuitana, akhulupirira mbale, osati pakamwa pako.

Chenjezo lina lidachokera ku Texas. M'chaka cha 2009 makoleji 8 a kumeneko adayesa milatho ya masabata 4 kapena 5, ndipo ophunzira pafupifupi 1,300 adagaŵidwa mwa maere, ena kuloŵa pamlatho, ena ai, kuti zotsatira zisakhale zokondera. Poyamba amene adadzera pamlatho ankakhoza bwinopo masamu ndi kalembedwe. Koma pomatha zaka 2 kusiyanako kudazimirira, ndipo chiŵerengero cha otsala pasukulu chinali chimodzimodzi mbali zonse ziŵiri. Ife tikuona kuti chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mwana amatha masabata 5 ali pakati pa anzake 30 ndi aphunzitsi omudziŵa dzina, mtima nkukhala m'malo. Sukulu ikatsekulira amapezeka m'holo ya anthu mazana, onse aja atabalalika, ndipo vuto la fizi ndi la chakudya lili pomwe lidaali. Mlatho wothera pakati pa mtsinje umamfikitsa munthu pamene madzi ali akuya koposa. Palinso milatho ina imene imavulaza chifukwa cha dzina lake lokha: mwana akamva kuti waitanidwa msanga chifukwa ndi wa gulu lokayikitsa, amafika atauzidwa kale chimene ankachiopa.

Milatho imene yabala zipatso zokhalitsa ndi imene siithera pa tchuthi. Ku University of Maryland, Baltimore County, mu 1988, Freeman Hrabowski adayambitsa Meyerhoff Scholars ndi chuma cha Robert ndi Jane Meyerhoff. Hrabowski ameneyu adaatsekeredwapo m'ndende ali ndi zaka 12, mu 1963, chifukwa choyenda nao pa ulendo wa ana wokana tsankho ku Birmingham. Gulu lake loyamba linali la anyamata akuda 19. Ankayamba ndi masabata 6 a mwambo wolimba ndi masamu ovuta, koma pambuyo pake ankakhalabe pamodzi, kuŵerengera pamodzi, ndi alangizi oŵatsatira mpaka kumaliza. Mmodzi mwa amene adadzera m'gululi m'zaka zotsatira ndi Kizzmekia Corbett, amene mu 2020 anali pakati pa asayansi otsogolera ntchito yokonza katemera wa Covid-19 wa Moderna.

Ife Akatolika tili nacho chitsanzo cha m'nyumba mwathu. Katharine Drexel, mwana wa mwini banki wolemera kwambiri wa ku Philadelphia, adasiya moyo wa ulemerero nayambitsa chipani cha asisitere mu 1891, napereka chuma chake ku maphunziro a anthu akuda ndi a mafuko akale a m'dzikomo. Ku New Orleans adatsekula sekondale mu 1915, ndipo mu 1925 pamalopo padabadwa Xavier University of Louisiana. Adamwalira mu 1955, ndipo Papa John Paul II adamlengeza kuti ndi woyera pa 1 Okutobala 2000, tsiku limodzi ndi Josephine Bakhita wa ku Sudan. Norman Francis adatsogolera yunivesiteyi kuyambira 1968 mpaka 2015. M'zaka za m'ma 1970 iye ndi aphunzitsi a sayansi, makamaka J. W. Carmichael, adagwirizana kuleka mwambo wa makoleji ambiri wogwiritsa ntchito chaka choyamba ngati sefa yochotsera ofooka. Adayambitsa maphunziro a pa tchuthi ophunzitsa ana kulingalira mwadongosolo asanayambe koleji. Aphunzitsi a chaka choyamba adagwirizana kuphunzitsa zofanana pa nthaŵi yofanana, kupereka timayeso pafupipafupi kuti wopunthwa aonekere msanga, ndi kuika ana m'magulu oti wamphamvu akoke mnzake. Muyeso sadautsitse. Ndipo sukulu yaing'ono imeneyi, ya ophunzira ngati 3,000, kwa zaka zambiri inkatumiza ana akuda ku sukulu za udokotala kupambana mayunivesite akuluakulu otchuka a m'dzikomo.

Pano tibwerere kwa Barnaba, pakuti nkhani yake siidathere pa tsiku lija la ku Yerusalemu. Saulo adakumana ndi adani mumzindamo, ndipo abale adamtumiza kwao ku Tariso, kumene adakhala osamveka kwa nthaŵi yaitali. Mutu 11 ukutiuza kuti Barnaba, ataona kuti ntchito yakula ku Antiokeya, adanyamuka yekha ulendo wa ku Tariso kukamfunafuna. Atampeza sadamuuze mau otonthoza chabe. Adabwera naye ku Antiokeya nampatsa ntchito yeniyeni, ndipo aŵiriwo adaphunzitsa pamodzi chaka chathunthu. Zimene Treisman adapeza ku Berkeley ndi zimene Xavier idachita ku New Orleans zonse zilimo m'ulendo umenewu: kumtsata munthu kumene wabisala, kumuyesa woyenera ntchito yovuta, ndi kuigwira naye kwa nthaŵi yaitali.

Mpingo umadziŵa zimenezi pa kaleredwe ka ansembe ake omwe. Malangizo ochokera ku Roma a mu 2016 adalamula kuti mnyamata aliyense, asanayambe maphunziro a filosofi, adzere m'nthaŵi yokonzekera yosachepera chaka chimodzi. Ife amene tidadzera m'seminale yaikulu tikukumbukira sabata zoyamba za filosofi, pamene mau a mphunzitsi ankangodutsa pamutu ngati mbalame, ndipo aliyense ankagwedeza mutu ngati wamva, kuopa kuoneka mbuli pamaso pa anzake. Tonse tinkayesa kuti wosamvayo ndi ine ndekha. Chidatimasula si ulaliki wa pa guwa. Anali mkulu wina wa chaka chachitatu amene adatipeza madzulo ena titazunguzika, natiuza akuseka kuti iyenso chaka choyamba adaalongedza kale chikwama chake kaŵiri, kenaka nakhala nafe pansi kutiyendetsa m'tsamba limene lidatikanika mzere ndi mzere.

Sitikunena kuti kwathu kuno nchimodzimodzi ndi ku America. Mbiri ya ukapolo ndi ya tsankho la khungu imene ili kumbuyo kwa nkhani yao ndi yaoyao. Koma mwana woima pa khomo lotsekuka timamudziŵa. Ndi mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, kumene sadagwirepo chida chilichonse cha sayansi, amene wafika ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu nakhala pa benchi limodzi ndi ana olankhula Chingerezi ngati chobadwa nacho, aliyense ali ndi kompyuta yake. Ku mudzi adamperekeza ndi nthungululu. M'kalasi satsekula pakamwa, kuopa kuti amseka katchulidwe. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo iye amayesa kuti eni ake ndi enawo.

Inu makolo, mwana wotere akakuimbirani lamya kuti zinthu zavuta, mau oyamba kutuluka asakhale akuti tidagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe. Mbuziyo akuikumbukira usiku uliwonse, ndipo ndiyo ikumtseka pakamwa. Musamuuzenso kuti iwe ndiwe wanzeru, sungalephere, chifukwa pepala lili m'manja mwake likunena zina, ndipo adzangoganiza kuti simukumudziŵa. Mufunseni kuti amaŵerenga ndi yani. Mufunseni ngati wapitako kwa mphunzitsi wa phunziro limene lamkanikalo, ndipo ngati sadapite, mudzamfunsenso sabata yamaŵa. Simusoŵa kudziŵa masamu kuti mufunse mafunso aŵiri ameneŵa.

Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, mumadziŵa kale kuti wophunzira za ubatizo sitimsiya yekha: timampatsa womuimira, woyenda naye ngakhale ubatizo utapita. Maina a osankhidwa kupita ku makoleji akatuluka, fufuzani m'parishi mwanu amene ali kale kumeneko chaka chachitatu kapena chachinai, muŵakhazike pamodzi ndi atsopanowo asananyamuke. Koma muŵalangize akuluwo chonena. Chibadwa chao chidzaŵakoka kuti asimbe za kupambana kwao, ndipo ang'onowo adzachoka atachita mantha koposa kale. Apempheni asimbe za mayeso oyamba amene adalephera, za tsiku limene adasochera pofuna kalasi, za nthaŵi imene adaganiza zobwerera kwao, ndi za amene adaŵathandiza. Apatsane manambala a lamya, ndipo wamkuluyo alonjeze kukamuyendera mng'onoyo pambuyo pa mayeso oyamba, osadikira kuitanidwa, pakuti amene wavutika koposa ndiye sadzaitana.

Nanga amene wabwerera kale kumudzi, chikwama pamutu, anthu akumloza chala? Barnaba adakumana nayenso wotere. Yohane Marko, msuweni wake, adanyamuka nao pa ulendo woyamba wolalika, koma atafika ku Pamfiliya adaŵasiya nabwerera ku Yerusalemu. Pokonzekera ulendo wachiŵiri Barnaba adafuna kumtenganso, Paulo adakana, ndipo mkangano wao udakula mpaka adapatukana. Paulo, amene Barnaba adaamchitira umboni pamene onse ankamuopa, sadafune kumchitira mnyamatayo zomwezo. Barnaba adatenga Marko napita naye ku Kipro. Patapita zaka, m'kalata yachiŵiri kwa Timoteo, timapeza Paulo ali m'ndende akupempha kuti amtengere Marko, chifukwa ngwothandiza pa ntchito yake.